Cholembera Chikhale m'Manja mwa Wophunzira

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuthandiza ophunzira a chaka choyamba ku yunivesite amene fizikisi ikuwazunguza mutu, ena m'timagulu ndipo ena payekhapayekha. Ambiri mwa iwo si aulesi, komanso masamu awo si ofooka monga mmene eni akewo amaganizira. Anakhoza bwino ku sekondale, sajomba m'kalasi, manotsi awo ndi olongosoka, koma zotsatira za mayeso oyamba a semesita zikatuluka amangoti kakasi, osamvetsa kuti zavuta pati. Dandaulo lawo limakhala lofanana chaka ndi chaka: "Aphunzitsi, m'kalasi ndimamva zonse bwinobwino, koma ndikatsala ndekha ndi funso mutu umangoima." Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaona kuti zimawathandiza anthu otere, ndipo ndikulembera ophunzirawo komanso aliyense amene wapatsidwa ntchito yowathandiza.

Dandaulo lawolo ndi loona, ndipo gwero lake silovuta kuliona. Mphunzitsi akamasova funso pa bolodi, ntchito yovuta kwambiri amakhala ataigwira kale m'mutu asanalembe mzere woyamba. Amakhala atasankha chinthu chimene akuchiyang'ana, atasankha lamulo limene ligwire ntchito, ndiponso atataya zonse za m'funsomo zimene zilibe ntchito. Chimene wophunzira amaona ndi masamu otsatira, amene amayenda bwinobwino mzere ndi mzere, ndipo poti mzere uliwonse akuumva, amatuluka m'kalasi ali wotsimikiza kuti nkhaniyo waigwira. Pa mayeso amafunsidwa kuchita kusankha kuja, kumene sanakuonepo kukuchitika ndipo sanakuyeserepo. N'chifukwa chake lamulo langa loyamba, limene ophunzira atsopano amadana nalo kwa kanthawi, ndi lakuti cholembera chimakhala m'manja mwa wophunzira. Ine ndimafunsa, iye n'kumalemba.

Munthu akabwera ndi funso limene lamukanika, ndimamupempha kuti aliwerenge mokweza, kenako atembenuze pepalalo n'kundiuza m'mawu akeake zimene zikuchitika m'nkhaniyo, osatchula nambala kapena fomula. Apa m'pamene zambiri zimaonekera. Wina amapeza kuti sanaone mawu akuti chinthucho chinayamba chili chiimire, wina amazindikira kuti sakudziwa n'komwe chimene funsolo likufuna. Ndikafunsa kanthu ndimadikira. Kudikirako n'kovuta kwa aliyense amene amaikonda fizikisi, chifukwa m'chipinda mukangoti zii yankho limayamba kuyabwa pakamwa, koma nthawi imene wophunzira ali chete akulimbana ndi funso ndi imene akuphunzira, ndipo wothandiza akalowererapo msanga amakhala wamulanda nthawiyo.

Wophunzira safika m'kalasi ya fizikisi m'mutu muli mbee. Wakhala akukankha zinthu, kuponya miyala ndi kukwera galimoto moyo wake wonse, ndipo ali kale ndi malamulo ake a mmene zinthu zimayendera, ngakhale sanawalembepo pena paliponse. Mafomula a m'buku amangowasanjika pamwamba pa malamulo akalewo, ndipo zinthu zikathina amabwerera ku akale omwe aja. Funso limene ndimakonda kuyambira ndi ili: mwaponya mpira m'mwamba molunjika, wachoka kale m'manja mwanu ndipo ukukwera, tikasiya za mpweya, ndi ma force ati, kutanthauza kukankha kapena kukoka, amene akugwira ntchito pa mpirawo? Ambiri amajambula mivi iwiri, wina woloza pansi wa mphamvu yokoka ya dziko, wina woloza m'mwamba umene amati ndi mphamvu ya dzanja imene ikadali mu mpiramo. Ndikafunsa kuti akukankha mpirawo ndi ndani popeza dzanja latsala pansi, amaseka, koma muvi uja safuna kuufufuta, chifukwa mumtima mwawo chinthu sichingakwere popanda chochikankha.

Sindiwanyoza pa zimenezi, chifukwa anthu ophunzira kwambiri ankaganiza chimodzimodzi kwa zaka mazana ambiri. Jean Buridan, amene ankaphunzitsa ku Paris m'zaka za m'ma 1300, ankafotokoza kuti woponya amaika mphamvu inayake m'chinthu chimene waponyacho, ndipo mphamvuyo ndi imene imachiyendetsa mpaka mpweya ndi kulemera kwa chinthucho zitaigonjetsa. Panafunika ntchito ya Galileo, kenako ya Isaac Newton amene anasindikiza malamulo ake mu 1687, kuti zidziwike kuti chinthu sichifuna force kuti chipitirize kuyenda, koma kuti kayendedwe kake kasinthe. Ophunzira akamva kuti maganizo awo ali ndi mbiri yaitali chonchi, manyazi amatha ndipo amayamba kulankhula momasuka zimene amakhulupiriradi, zomwe ndi zimene ine ndimafuna kumva.

Funso lachiwiri limatsatira pomwepo: mpirawo ukafika pamwamba penipeni, acceleration yake, kutanthauza mmene liwiro lake likusinthira pa sekondi iliyonse, ndi yotani? Kawirikawiri yankho loyamba limakhala ziro, ati chifukwa mpirawo waima. Sinditsutsa. Ndimamupempha wophunzirayo kuti alembe liwiro la mpirawo sekondi ndi sekondi, titanena kuti unachoka m'manja pa liwiro la mamita 20 pa sekondi. Ikatha sekondi yoyamba liwiro limakhala 10.2, ikatha yachiwiri limakhala 0.4, ndipo ikatha yachitatu mpirawo umakhala ukutsika pa liwiro la 9.4. Akayang'ana manambalawo amaona yekha kuti liwirolo likusintha ndi 9.8 pa sekondi iliyonse, ngakhale m'sekondi imene mpirawo watembenukira. Kenako ndimafunsa kuti chikanachitika n'chiyani liwiro likanakhala ziro, acceleration nayonso n'kukhala ziro. Munthu akayankha ndi pakamwa pake kuti mpirawo ukanangokhala m'malere osatsikanso, mfundoyo imakhazikika kuposa mmene ikanakhalira ine ndikanaifotokoza kakhumi.

Zimenezi sindinazitulukire ndekha. Mu 1992 David Hestenes, Malcolm Wells ndi Gregg Swackhamer anasindikiza mayeso otchedwa Force Concept Inventory, amene masiku ano ali ndi mafunso 30 osafuna kuwerengera kulikonse, ndipo mayankho olakwika amene amaikidwa pambali pa lolondola anatengedwa ku zimene ophunzira enieni amakhulupirira. Eric Mazur wa ku yunivesite ya Harvard atapereka mafunso a mtundu umenewu kwa ophunzira ake chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anadabwa kuona kuti anthu amene ankasova masamu ovuta ankaphonya mafunso ooneka ngati achibwana. Izi zinamuchititsa kusintha kaphunzitsidwe kake n'kuyamba kuimitsa phunziro pakati, kupereka funso limodzi, n'kuwauza ophunzira kuti aliyense ayese kukopa mnzake woyandikana naye kuti yankho lake ndiye lolondola. Ngati zimenezi zinapezeka ku Harvard, palibe chifukwa choti wophunzira wina aliyense azidziona ngati mbuli.

Lamulo lachitatu la Newton, lakuti chinthu chikakankha chinzake nachonso chimakankhidwa mobwezera ndi force yofanana, ndi limene limakanidwa kwambiri, ngakhale kuti aliyense amatha kulilakatula pamtima. Ndimafunsa kuti lole yolemera makilogalamu 10,000 ikawombana ndi galimoto ya makilogalamu 1,000, ndi iti imene imakankha inzake mwamphamvu kwambiri. Amene alakatula lamulo lija mphindi zochepa zapitazo amayankha mosakayika kuti ndi lole, ndipo umboni wawo ndi wakuti galimoto ndi imene imaphwanyika. Umboniwo ndi woona, koma ukuyankha funso lina. Ma force awiriwo ndi ofanana ndendende. Chimene chimasiyana ndi zotsatira zake, chifukwa force yomweyo ikagwera chinthu chopepuka kakhumi imasintha liwiro lake kakhumi kuposa mmene imasinthira la chinzakecho. Wothandiza sayenera kumuuza wophunzira kuti zimene maso ake amaona n'zabodza. Ayenera kumuthandiza kupeza malo oyenera a zimene amaonazo, ndipo pano malo ake ndi acceleration.

Tikafika pa kusova kwenikweni, sindilola kuti nambala ilembedwe chithunzi chisanajambulidwe. Chithunzicho sichifunika luso: kabokosi koimira chinthu chimodzi chokha, ndi mivi yosonyeza ma force onse amene akugwira ntchito pa chinthucho. Pa muvi uliwonse wophunzira ayenera kundiuza kuti chikukankha kapena kukoka n'chiyani. Ngati sangatchule chinthucho, kaya ndi dziko, chingwe, tebulo kapena dzanja, muviwo ufufutidwe. Lamulo laling'ono limeneli limachotsa zolakwa zambiri kuposa lina lililonse limene ndikulidziwa, chifukwa mivi yongopeka, monga uja wa mphamvu ya dzanja, imalephera kutchula mwini wake.

Mtsikana wina amene ndinkamuthandiza ankajambula chithunzi chake kakang'ono kwambiri pakona ya pepala, n'kuchifufuta asanandionetse ntchito yake, poganiza kuti kujambula n'kwa ana ndipo munthu wa ku yunivesite ayenera kungolemba mafomula. Tsiku lina tinali pa funso la bokosi la makilogalamu 2 limene likutsetsereka pa thabwa lopendekeka madigiri 30. Anali atalemba kuti thabwa likukankha bokosilo ndi ma newton 19.6 (newton ndi muyezo wa force), chifukwa ku sekondale analoweza kuti force imeneyi imafanana ndi kulemera kwa chinthu. Ndinamupempha kuti ajambule chithunzicho chachikulu ngati chikhatho chake, ndipo agawe muvi wa kulemera kwa bokosi m'zigawo ziwiri, china chotsata thabwa ndi china cholowa m'thabwamo. Anapeza 9.8 potsata thabwa ndi 17.0 polowa m'thabwa, ndipo anakhala kaye chete akuyang'ana nambala yachiwiriyo asananene kuti thabwalo silingakankhe ndi 19.6 pamene likupanikizidwa ndi 17.0 yokha. Titawonjezera friction, kutanthauza kukhulana kwa bokosi ndi thabwa, imene inali 0.2 ya ma newton 17.0 aja, anapeza yekha kuti ikubweza bokosilo ndi ma newton 3.4, kuti otsala ndi 6.4, ndipo acceleration ndi mamita 3.2 pa sekondi pa sekondi iliyonse. Kuyambira pamenepo zithunzi zake zinkadzaza theka la tsamba.

Chikhulupiriro chakuti pansi pamakankha chinthu ndi force yofanana ndi kulemera kwake n'chouma mutu, choncho ndimabwereranso kwa icho ndi chitsanzo cha chikepe. Munthu wa makilogalamu 70 ataima pa sikelo m'chikepe chimene chaima, sikeloyo imamukankha ndi ma newton 686. Chikepecho chikayamba kukwera, liwiro lake n'kumawonjezeka ndi mamita 2 pa sekondi pa sekondi iliyonse, sikelo imamukankha ndi ma newton 826, pamene dziko likumukokabe ndi 686 yomwe ija. Aliyense amene anakwerapo chikepe anamvapo kulemera kumeneku m'mawondo, ndipo n'zosangalatsa kuona nkhope ya wophunzira pamene nambala ya pa pepala yagwirizana ndi zimene thupi lake linkadziwa kale.

Matenda aakulu a chaka choyamba ndi kusaka fomula. Wophunzira amalemba manambala onse a m'funso, kenako amayendetsa chala pa tsamba la mafomula kufunafuna imene ili ndi zilembo zofanana. Njirayi imagwira ntchito pa mafunso osavuta a kumapeto kwa mutu, ndipo n'chifukwa chake imakhala yovuta kuisiya, koma imagwa funso likangofuna malamulo awiri kapena likakhala ndi nambala yosafunika. Kafukufuku amene Michelene Chi ndi anzake anasindikiza mu 1981 anasonyeza kusiyana kumeneku bwino lomwe. Atapereka mafunso a fizikisi kuti aikidwe m'magulu, ongoyamba kumene ankawaika potengera maonekedwe, a thabwa lopendekeka pamodzi, a sipuling'i pamodzi, pamene akatswiri ankawaika potengera lamulo lowasovera, monga kusungika kwa energy (lamulo lakuti energy siitha koma imangosintha mtundu) kapena lamulo lachiwiri la Newton (limene limalumikiza force ndi acceleration). Ine ndimachita zofananazo ndi ophunzira anga. Ndimasonkhanitsa mafunso a m'mitu yosiyanasiyana, ndipo ntchito yawo sikhala kuwasova koma kungonena lamulo limene angayambire ndi chifukwa chake. Amadabwa kupeza kuti funso lofuna liwiro la chinthu chimene chatsetsereka popanda friction kuchokera pamtunda wa mamita 5 silifuna n'komwe kudziwa kupendekeka kwa thabwa, chifukwa energy yokha ikupereka yankho la mamita 9.9 pa sekondi, kaya thabwalo ndi lotsetsereka kwambiri kapena pang'ono.

Anthu ambiri amalangiza kuti chinsinsi cha fizikisi ndi kusova mafunso ambirimbiri. Malangizowa ndi oona pang'ono chabe. Mu 2002 Eunsook Kim ndi Sung-Jae Pak anasindikiza kafukufuku wa ophunzira a ku Korea amene ambiri a iwo anali atasova mafunso oposa 1,000 pokonzekera mayeso olowera ku yunivesite, ndipo anapeza kuti ankavutikabe ndi mfundo zoyambirira zomwe zimavuta ena onse. Kuchuluka kwa mafunso pakokha sikuchiza kanthu ngati onse akusovedwa mwa chizolowezi, buku lili chotsegula ndipo yankho lili pafupi. Mafunso ochepa osovedwa mwa njira yoyenera amaposa mulu wa mafunso ongodutsamo.

Njira yoyenerayo, monga mmene ndimawauzira ophunzira anga, imayamba ndi kutseka buku. Chitsanzo chosovedwa kale m'buku n'chothandiza kwambiri pamene mutu uli watsopano, koma chiwerengedwe pepala litaphimba mizere ya m'munsi, ndipo munthu ayese kunena mzere wotsatira asanauvundukule. Akamaliza, atseke bukulo n'kusova funso lomwelo kuchokera pachiyambi. Ambiri amadzidzimuka kuona kuti chinthu chimene achiwerenga mphindi zisanu zapitazo, n'kuchimva bwino, chikuwakanika pa mzere wachiwiri. Kudzidzimuka kumeneko n'kwabwino kukuchitikira patebulo lowerengera kusiyana ndi m'chipinda cha mayeso. Kenako funsolo alisiye, adzalibwererenso pakapita masiku angapo litayamba kuiwalika, chifukwa kuvutikira kukumbukira chinthu ndi kumene kumachikhazikitsa m'mutu. Ndimawalimbikitsanso kusakaniza mitu. Munthu akasova mafunso khumi a momentum motsatizana, funso lachisanu salifunsanso kuti likufuna lamulo liti, chifukwa mutu wa tsambalo wamuuza kale, pamene pa mayeso palibe mutu wa tsamba.

Ndimapempha aliyense kuti akhale ndi kope lapadera lolembamo zolakwa zake. Salembamo yankho lolondola lokha, koma chiganizo chimodzi chofotokoza chimene ankaganiza pamene ankalakwitsa, monga chakuti anaiwala kuti liwiro lili ndi mbali yolowera, kapena anaika force ya pa chingwe pa chinthu cholakwika. Pakapita mwezi, munthu akawerenga kopelo amaona kuti zolakwa zake si zambirimbiri monga ankaopera, koma ndi zitatu kapena zinayi zimene zimangobwera m'maonekedwe osiyanasiyana. Kwa wothandiza, kope limeneli ndi lamtengo wapatali kuposa malikisi a mayeso, chifukwa malikisi amangonena kuti zinthu sizili bwino osanena kuti pavuta ndi pati.

Yankho likapezeka ntchito imakhala isanathe, ngakhale ophunzira amafuna kulizunguliza ndi cholembera n'kuthamangira funso lotsatira. Ndimafunsa kaye za mayuniti. Liwiro la makilomita 72 pa ola ndi mamita 20 pa sekondi, ndipo amene waika 72 mu fomula yofuna mamita ndi masekondi amapeza galimoto imene ikufuna mtunda wa mamita oposa 500 kuti iime, m'malo mwa 40, tikanena kuti mabuleki akuchotsa mamita 5 pa sekondi pa sekondi iliyonse. Amene amaona ngati mayuniti ndi nkhani yaing'ono ndimawauza za chombo cha NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter, chimene chinatayika mu September 1999 chitafika ku Mars, chifukwa pulogalamu ina ya pakompyuta inkapereka manambala m'miyezo ya mapaundi pamene ina inkawalandira ngati ma newton. Kenako ndimafunsa ngati yankholo lili lomveka kwa munthu wamba: munthu sangathamange mamita 90 pa sekondi, ndipo mpira woponyedwa ndi dzanja sungakwere makilomita awiri. Chomaliza, chimene ndimachikonda kwambiri, ndi kuyesa fomula pa malire ake. Wophunzira akakayikira ngati pa thabwa lija pakufunika sine kapena cosine, asaloweze, koma aganize thabwalo litagona pansi, pamene bokosi siliyenera kuyenda, ndiponso litaimirira chilili, pamene bokosi liyenera kugwa ndi acceleration ya 9.8. Ndi sine yekha amene amapereka ziro pa madigiri 0 ndi 1 pa madigiri 90.

Nthawi zina vuto silikhala fizikisi n'komwe. Mnyamata wina anabwera atataya mtima chifukwa mafunso onse a homuweki ankamupatsa mayankho achilendo ngakhale njira yake inali yolondola. Ndinamupempha kuti andipezere sine wa madigiri 30, ndipo m'malo mwa 0.5 makina ake owerengera anaonetsa -0.988, chifukwa anali atatcheredwa pa ma radian, muyezo wina wa ngodya, m'malo mwa madigiri. Ena amakodwa pa kusamutsa zilembo mu fomula, ena pa kuwerenga girafu, makamaka kusiyanitsa kutalika kwa mzere ndi kupendekeka kwake. Mipata yotereyi si yochititsa manyazi, ndipo imatsekeka msanga munthu akaipatsa masiku ochepa payokha m'malo moyembekezera kuti idzatsekeka yokha m'kati mwa fizikisi. Ndimalangizanso kusova ndi zilembo mpaka kumapeto, manambala n'kulowa pa mzere womaliza, chifukwa mwa njira imeneyi munthu amaona zinthu zimene manambala amabisa, monga zakuti mass ya bokosi lija, kutanthauza makilogalamu ake, imafufutika yokha ndipo bokosi lolemera limatsetsereka mofanana ndi lopepuka. David Scott anasonyeza mfundo ya mtundu womwewu pa mwezi mu 1971, pa ulendo wa Apollo 15, pamene anagwetsa nyundo ndi nthenga pa nthawi imodzi n'kufika pansi limodzi.

Za kuphunzira m'magulu ndili ndi maganizo awiri. Umboni woti kukambirana kumathandiza ulipo wokwanira. Mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za ophunzira oposa 6,000 a m'makalasi 62, ndipo anapeza kuti amene ankangomvetsera mphunzitsi anapeza pafupifupi magawo 23 pa 100 a malikisi amene ankawasowa pachiyambi, pamene amene ankakambirana ndi kuyankha mafunso m'kalasi anapeza pafupifupi magawo 48 pa 100. Komabe si gulu lililonse limene limathandiza. Ndaona magulu ambiri amene munthu mmodzi wochangamuka amasova zonse pamene ena akugwedeza mitu ndi kukopera, ndipo amenewo ndi kalasi ina yongomvetsera, kungoti mphunzitsi wake ndi wamng'ono. Gulu labwino limakhala la anthu atatu kapena anayi, aliyense amabwera atayesa kale mafunsowo payekha, ndipo amene akufotokoza amakhala amene sakutsimikiza kwenikweni, ena n'kumamufunsa. M'magulu amene ndimayang'anira, wodziwa kwambiri ndimamuletsa kugwira choko; amaloledwa kufunsa mafunso basi, ndipo nthawi zambiri iyenso amatulukira kuti panali zimene ankangoziloweza.

Zipangizo zothandiza zilipo zambiri ndipo zina n'zaulere. PhET, imene Carl Wieman anayambitsa mu 2002 ku University of Colorado Boulder, ili ndi zoyeserera za pakompyuta zimene munthu angasinthe friction kapena mass n'kuona chimene chikuchitika, ndipo zimapindulitsa kwambiri ngati wophunzira walemba kaye zimene akuyembekezera asanadine batani. OpenStax ya ku Rice University ili ndi mabuku athunthu a fizikisi ya chaka choyamba amene aliyense angawatenge pa intaneti. Mavidiyo, mabuku a mayankho ndi mapulogalamu a AI amene amasova funso m'kanthawi kochepa ali ndi msampha womwe uja wa pa bolodi, wakuti munthu amaonerera ntchito yosalala n'kuganiza kuti waidziwa. Sindiwaletsa, chifukwa kuletsa sikungatheke, koma ndimapempha kuti munthu alimbane kaye ndi funso kwa mphindi 15 kapena 20 ali yekha, ndipo akatsegula yankho awerenge mzere umodzi wokha umene wamukanika, atseke, n'kupitiriza yekha. Mapulogalamu a AI nthawi zina amalakwitsa molimba mtima, choncho yankho lawo liyesedwe ndi mayuniti ndi malire monga lina lililonse.

Kwa anzanga amene amathandiza ophunzira, funso lakuti "Mwamva?" ndi lopanda ntchito, chifukwa munthu waulemu aliyense amayankha kuti inde. M'malo mwake ndimasintha kanthu kamodzi m'funso limene tangomaliza, monga kuwirikiza liwiro la galimoto ija, n'kufunsa kuti mtunda woimira usintha bwanji. Amene wamvadi amanena kuti uwirikiza kanayi, kuchoka pa mamita 40 kufika pa 160. Amene wangotsatira masamu amati kawiri. Sindisovera munthu homuweki imene ikapatsidwe malikisi, koma timasova funso lina lofanana nayo, iye n'kukamaliza yakeyo payekha. Ndimawakumbutsanso kuti ine sindilowa m'malo mwa mphunzitsi wa kosiyo, amene ndiye amalemba mayeso ndipo ali ndi nthawi imene anaipatula yoti ophunzira azikamuona. Ambiri amaopa kugogoda pa chitseko chimenecho poganiza kuti funso lawo ndi lopusa, chonsecho safunsa anadya phula, ndipo aphunzitsi ambiri amakondwera ndi wophunzira amene wabwera ndi pepala losonyeza pamene wafika ndi pamene wakodwa.

Nthawi yabwino yofunira thandizo ndi sabata yachiwiri kapena yachitatu ya semesita, chifukwa fizikisi ya chaka choyamba imamangidwa mosanjikiza, ndipo amene sanagwire ma vector, kutanthauza miyezo yokhala ndi kukula komanso mbali yolowera, adzavutika ndi ma force, kenako ndi momentum, kenako ndi magetsi. Komabe chaka chilichonse pamakhala ena amene amafika kwatsala masiku awiri kuti alembe mayeso, maso ali psuu chifukwa chosagona. Otere sindiwabweza ndipo sindiwadzudzula, koma sitiyesa kuphunzira buku lonse. Timatenga pepala la mayeso a chaka cham'mbuyo, amalilemba wotchi ili patebulo ndipo buku lili chitsekere, kenako timasankha mitu iwiri kapena itatu imene ali pafupi kuigwira n'kusiya inayo. Ndimawauza kuti m'chipinda cha mayeso ayambe n'kuwerenga pepala lonse, asove kaye zimene akuzidziwa, ndipo funso likawakanika ajambule chithunzi chake, alembe lamulo limene akuganiza kuti likugwira ntchito, asiye mpata n'kupita pa lotsatira, chifukwa aphunzitsi ambiri amapereka malikisi pa njira ngakhale nambala yomaliza isanapezeke. Usiku womaliza ndimawauza kuti akagone.